Batire likasamukira kubuti, waya wake akhale wonenepa bwanji?

Kuchotsa batire pansi pa boneti n'kukaliika kubuti si misala ayi. BMW 3 Series ya mtundu wa E46 ndi E90 inkachoka kufakitale batire lili kumbuyo, chimodzimodzinso Mini yakale ija inayamba kupangidwa mu 1959, ndi Mazda MX-5 yoyambirira. Kuno kwathu zifukwa zimakhala zina. Wina wasintha injini, ndiye yatsopanoyo yadya malo. Wina wadzaza zokuzira mawu m'galimoto ndipo akufuna batire lalikulu la N70 pomwe pankakhala laling'ono la NS40. Wina thireyi yokhazikapo batire inadyeka ndi asidi, ndipo alipo ena amene atopa ndi kudzuka m'mawa n'kupeza boneti ili yasa, batire litapita ndi anthu a usiku. Phindu lina n'lakuti batire la asidi silikondana ndi kutentha, choncho likatalikirana ndi injini limakhalitsa.

Pamene pagona nkhani ndi pa waya. Pamalo ake akale batire limakhala moyandikana ndi sitata, ndipo waya wolumikiza ziwirizi amakhala wa mita imodzi kapena kucheperapo. Corolla ndi yaitali pafupifupi mamita 4.4, koma waya sayenda mowongoka. Amatsika, n'kukhota, n'kuzemba mpando, n'kudutsa pakhoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, mpaka pomafika pa sitata wakwana mamita 5, mwinanso kupitirira. Musayerekeze ndi maso. Tengani chingwe cha sisalo, muchiyendetse m'njira yeniyeni imene waya adzadutse, muchiyeze ndi tepi, muonjezerepo theka la mita.

Ambiri posankha waya amafunsa funso limodzi: kodi atentha? Makaniko amapotoza kiyi kawiri, n'kugwira wayayo ndi dzanja, n'kunena kuti, "Bwana, gwirani muone, ali zii." N'zoona kuti ndi wozizira, koma zimenezo sizikutsimikizira kalikonse. Sitata imagwira ntchito masekondi awiri kapena atatu basi. Waya wa 16 mm² wotalika mamita 5, akamadutsa 150 A (ma amps, muyeso wa kuchuluka kwa moto), amatulutsa kutentha kwa ma watts pafupifupi 120, komwazikana m'mamita asanuwo, kwa kamphindi kochepa. Dzanja silingamve kanthu. Waya wowonda salephera chifukwa chopsa. Amalephera chifukwa mita iliyonse imadula msonkho wake pa mphamvu yochoka m'batire, ndipo waya akatalika komanso akaonda, chofika pa sitata chimakhala chopereweza.

Tiyambe ndi chimene sitata imafuna. Palibe chipangizo china m'galimoto chokoka moto wambiri ngati iyo. Injini ya petulo ya 1.0 mpaka 1.5, monga ya Vitz, Passo kapena Corolla, imafuna pakati pa 100 A ndi 200 A pozungulira, ndipo pa kamphindi koyamba, injini isanagwedezeke n'komwe, moto umalumpha kuposa apo. Dizilo ya 2.5 kapena 3.0 imakoka 300 A kapena kupitirira, chifukwa imapanikiza mpweya kwambiri m'masilinda. Batire lodzaza bwino limaonetsa 12.6 V (ma volts, muyeso wa mphamvu ya moto) likangokhala, koma sitata ikangogwira limatsika kufika cha m'ma 10.5 V. Amagetsi a galimoto amati likatsika kupitirira 9.6 V poyesedwa ndi katundu ndiye kuti latopa. Ndiye onani kuchepa kwa malo osewerera: pakati pa batire labwino ndi batire lotopa pali volt imodzi yokha. Waya akadya 0.8 V, batire latsopano limafika pa sitata ngati lakale. N'chifukwa chake lamulo lodziwika pa ntchitoyi limati mbali ya positive isataye zoposa 0.5 V pa nthawi yoliza, ndipo mbali ya earth, yobwerera moto ku negative, isapitirire 0.2 V kapena 0.3 V.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Tengani ma amps amene sitata ikukoka, muchulukitse ndi kutalika kwa waya m'mamita, muchulukitsenso ndi 0.0175, kenako mugawe ndi kunenepa kwa waya mu mm². Yankho ndi ma volts otayika panjira. Nambala ya 0.0175 ndi ya kopa. Imasonyeza mmene kopa wa mita imodzi, wonenepa 1 mm², amalimbanirana ndi moto. Tiyese ndi galimoto yaing'ono yokoka 150 A. Waya wa 16 mm² wa mita imodzi amataya 0.16 V, n'chifukwa chake opanga magalimoto aang'ono amaika waya wooneka wowonda popanda vuto. Waya yemweyo akafika mamita 5 amataya 0.82 V. Wa 25 mm² amataya 0.53 V, kutanthauza kuti ali pamalire penipeni, tisanawerengere zolumikizira. Wa 35 mm² amataya 0.38 V, wa 50 mm² 0.26 V. Pa dizilo yokoka 300 A manambala onsewa amawirikiza kawiri: 35 mm² amataya 0.75 V, 50 mm² amataya 0.53 V, ndipo mumafunika 70 mm² kuti mutsike kufika pa 0.38 V.

Kwa ine, pa galimoto yaing'ono ya petulo 35 mm² ndiye poyambira, ndipo thumba likalola tengani 50 mm². Pa injini yaikulu ya petulo 50 mm², pa dizilo 70 mm². Amene akukuuzani kuti 25 mm² akwana sakunama kwenikweni, chifukwa galimoto ilira ndithu tsiku lomanga, masana, injini ili yotentha, batire lili latsopano. Funso ndi la m'mawa wa mu June kapena July, chiperoni chitakuta phiri, galimoto itagona panja ku Mulunguzi kapena kumtunda ku Ku Chawe. Kukazizira oyilo amalimba, sitata imafuna moto wochuluka, pomwe batire nalo mphamvu yake imatsika. Mukapotoza kiyi mumangomva injini ikuzungulira mwaulesi. Kale a Zomba ankangoimika galimoto pamtsetse, poti mitsetse ndiye sisowa m'tauni muno, koma magalimoto ambiri ochokera ku Japan masiku ano ndi a automatic, ndipo automatic sailiza mokankha.

Pali chinthu china chimene anthu sachiganizira. Batire lili kutsogolo, bokosi la mafyuzi limatenga moto pamutu pa batire penipeni. Likapita kumbuyo, nthawi zambiri bokosilo limalumikizidwa kumapeto kwa waya wautali uja, pamodzi ndi sitata. Zikatero kompyuta ya injini, makoyilo ndi pampu ya mafuta zimalandira mphamvu yodulidwa kale pa nthawi yomwe zikufunika kwambiri. Injini itha kumazungulira koma osagwira msanga, mwini galimoto n'kumasintha mapulagi osalakwa.

Potchaja namonso waya wowonda amaba. Alternator, imene imatchaja batire injini ikamalira, imatulutsa pakati pa 13.8 V ndi 14.4 V, ndipo batire likakhala lophwa imatha kukankha 80 A. Pa mamita 5 a 16 mm² pamatayika 0.44 V, pa 35 mm² pamatayika 0.2 V. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma galimoto yongoyenda kuchoka ku Chinamwali kapena ku Matawale kufika m'tauni n'kuzimitsidwa simakhala ndi nthawi yokwanira yobwezera moto umene sitata inatenga. Batire lokhala losadzaza miyezi ndi miyezi limachita zoyerayera pa mapuleti ake m'kati, mphamvu n'kumachepa osabwereranso.

Moto umene wapita uyenera kubwerera, ndipo apa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera. Njira yachidule ndi kumanga waya wamfupi wa negative pa bodi ya galimoto kubuti komweko, bodiyo n'kukhala njira yobwerera. Chitsulo chimalimbana ndi moto kangapo kuposa kopa, koma poti bodi ndi yaikulu, imakwanitsa bwinobwino ikakhala yolimba. Bodi ya galimoto yaing'ono ndi zidutswa za malata zolumikizidwa ndi timadontho towotcherera. Ngati galimoto inachitapo ngozi n'kuwongoledwa, kapena dzimbiri ladya m'molumikizira, njirayo imakhala yokayikitsa. Zikatero ndi bwino kuyendetsa waya wachiwiri wa negative mpaka pa injini, koma mukumbukire kuti tsopano masamu aja ndi a mamita 10, osati 5, ndipo waya wa negative akhale wonenepa chimodzimodzi ndi wa positive. Mukasankha bodi, pezani malo a chitsulo chokhuthala, osati lata lopyapyala la pansi pa buti. Palani penti mpaka chitsulo chiwale, mangani ndi bauti, nati ndi washa, kenako pakani girisi pamwamba kuti dzimbiri lisalowe. Mabauti a malamba a mipando musawakhudze. Ali ndi ntchito yawo. Ndipo kutsogolo musaiwale kuti injini imakhala pa malabala, choncho pafunika waya wonenepa wochoka pa injini kupita pa bodi. Ameneyu akafooka, moto wa sitata umadzipezera njira ina kudzera m'timawaya ting'onoting'ono ta earth kapena m'kebulo ya kilachi, ndipo mumangomva fungo la pulasitiki wopsa. Pa pikapu yokhala ndi chasisi yakeyake, earth ipite pa chasisi, ndipo chasisi ilumikizidwe ku injini komanso ku bodi.

Tsopano kusitolo. Kaya mwagula mu Zomba momwemuno kaya mwakwera kupita ku Limbe, musakhulupirire kunenepa kwa kunja. Pulasitiki ndi yotsika mtengo kuposa kopa, ndipo alipo mawaya onenepa ngati chala chachikulu koma m'kati muli kopa wochepa zedi. Pemphani kuti akudulireni kachidutswa, musende, muone. Kopa wa 35 mm² akakhala wa timawaya tambirimbiri amakhala pafupifupi mamilimita 8 m'mimba mwake, wa 50 mm² pakati pa 9 ndi 10, wa 16 mm² kungopitirira 5. Ofuna kutsimikiza atha kuwerenga: kawaya kamodzi ka 0.4 mm kali ndi 0.126 mm², choncho pamafunika timawaya pafupifupi 280 kuti tikwane 35 mm².

Chachiwiri choyang'ana ndi chitsulo chake. Mawaya ambiri ogulitsidwa m'mapaketi a zokuzira mawu ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba, ndipo ena amalemba poyera kuti CCA. Wogulitsa akuuzani kuti, "Achimwene, uyu ndi zero gauge, palibenso wina woposa apa." Inu tengani kawaya kamodzi, mukapale ndi mpeni. Ngati kufiirako kwachoka n'kutsala zoyera ngati siliva, ndi aluminiyamu. Yang'ananinso podulidwapo: kopa weniweni amakhala wofiira mpaka pakati, pomwe CCA amaoneka timadontho toyera. Mukayatsa machesi pansi pa kawayako, ka aluminiyamu kamafota n'kupindika nthawi yomweyo, ka kopa kamangofiira n'kukhalabe chilili. Kulemera nakonso sikunama: mita imodzi ya 50 mm² ili ndi kopa wolemera pafupifupi magalamu 450, pomwe CCA wonenepa chimodzimodzi safika ndi theka lomwe. Aluminiyamu amadutsitsa moto pafupifupi 61 peresenti ya kopa, choncho m'masamu aja m'malo mwa 0.0175 muike 0.028. CCA wa 50 mm² pa mamita 5 ndi 150 A amataya 0.42 V, kuposa kopa wa 35 mm². Komanso sachedwa kuchita zoyera m'molumikizira chinyezi chikamulowa, ndipo mvula ya Zomba mukuidziwa.

Manambala a gauge ndi a ku America ndipo amayenda chobwerera: nambala ikachepa, waya wanenepa. 4 gauge ndi 21 mm², 2 gauge ndi 34 mm², zero gauge ndi 53 mm², ndipo wa mazero awiri ndi 67 mm². Zimenezi zili choncho ngati zolembedwa papaketi zili zoona.

Waya amene amachita bwino pa ntchitoyi, ndipo amapezeka mosavuta, ndi wa makina owotcherera, bola akhale wa kopa. Ndi wofewa, amakhota mosavuta, chikopa chake ndi cha labala. Si labala aliyense amapirira oyilo, choncho mbali yolowa kwa injini ivekedwe paipi ya pulasitiki yamizeremizere ija. Waya wa magetsi a m'nyumba, wa timawaya tolimba 7, musamuyese n'komwe. Anapangidwa kuti agone phee m'khoma, ndipo kugwedezeka kwa galimoto kumamuthyola pang'onopang'ono pafupi ndi polumikizira.

Polumikizirapo ndi pamene ndalama ya waya wabwino imatha kutayikira. Mutu wa waya womangidwa mwachisawawa, wongophwanyidwa ndi pulayala, utha kukhala ndi 0.002 ohms, muyeso wa kulimbana ndi moto. Nambala yooneka yopanda ntchito, koma pa 150 A ndi 0.3 V, zofanana ndi kuonjezera mamita 4 a waya wa 35 mm². Ndipo mosiyana ndi waya uja, apa kutentha konse, ma watts 45, kumaunjikana pamalo ochepa ngati chikhadabo. Mitu ikhale ya kopa, ya saizi yofanana ndi waya, yofinyidwa ndi chida chake chofinyira mpaka timawaya tigwirane ngati chitsulo chimodzi. Kudula timawaya tina kuti waya alowe m'mutu waung'ono ndi kubweza saizi imene mwalipira. Ena amakonda kuthira mtovu wosungunula. Vuto lake ndi lakuti umakwera m'timawaya n'kuumitsa wayayo, ndiye amadzathyokera pomwe mtovuwo wathera. Kulumikiza waya wakale ndi watsopano pakati, mopota n'kukulunga tepi, ndi kuitana moto. Waya akhale mmodzi kuchoka kubuti mpaka pa bauti yolumikizira ya kutsogolo, yokhala ndi chivindikiro, ndipo bauti imeneyi idzakuthandizaninso tsiku lojampa.

Waya wa positive wa mamita 5 amakhala ndi moto usana ndi usiku, kiyi ali m'thumba. Akakhuzika n'kukhudza bodi, batire limatha kutulutsa ma amps oposa 1,000, okwanira kufiiritsa kopa ndi kuyatsa kapeti, ndipo thanki ya mafuta ili chapafupi pomwepo. Fyuzi si yokambirana. Ikhale pafupi ndi batire, mkati mwa masentimita 20 ngati n'kotheka, chifukwa gawo la waya la pakati pa batire ndi fyuzi silitetezedwa ndi chilichonse. Mitundu yake ndi MEGA kapena ANL, imene imapirira kulumpha kwa kanthawi kwa sitata osaduka. Fyuzi imateteza waya, choncho saizi yake imatsatira waya: 200 A mpaka 250 A pa 35 mm², 250 A mpaka 300 A pa 50 mm². Ikamaduka poliza, yankho si kuika yaikulu pa waya yemweyo. BMW inathana ndi nkhaniyi poika pamutu pa batire kachipangizo kodula waya wa sitata galimoto ikagunda mwamphamvu. Ena, makamaka a dizilo, amaika solenoid, switchi yaikulu yoyendera magetsi, kubuti kuti waya wonenepa azikhala ndi moto pa nthawi yoliza yokha, n'kuyendetsa waya wina wa 25 mm² wokhala ndi fyuzi yake wa alternator ndi zina zonse. Njira imeneyi ndi yabwino koma imafuna munthu wodziwa mawaya a galimoto.

Njira yodutsa waya ikhale ya m'kati, m'mbali mwa zitseko pansi pa kapeti. Kunsi kwa galimoto kuli mahampu a pa M3, miyala ya mumsewu wa ku Kachulu ndi matope a dzinja. Paliponse pamene waya akuboola lata pakhale kalabala kozungulira bowo, ndipo amangidwe pafupipafupi kuti asamasewere. Atalikirane ndi mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, njanji za mipando ndi ekizozi. Kupatula kusungunula chikopa, kutentha kumaonjezera kulimbana kwa kopa ndi moto ndi 0.39 peresenti pa digiri iliyonse, kotero waya wofika 70°C amataya mphamvu yochuluka ndi 20 peresenti kuposa ya m'masamu aja.

Batire lenilenilo limangidwe ndi zitsulo zodutsa pa bodi, osati lamba wa labala. N70 imalemera makilogalamu pafupifupi 20, ndipo pa ngozi chinthu cholemera chotero chosamangidwa chimauluka. Batire la asidi potchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umaphulika ukangofika 4 peresenti mumpweya wotsekeredwa. Pafunika bokosi lotseka ndi kapaipi kotulutsira mpweyawo kunja, kapena batire lomata la mtundu wa AGM, ngakhale nalonso ndi bwino kuliikira kapaipi. Apa ndi pamene ndimakana za Sienta ndi Probox zonyamula anthu. Magalimoto amenewa alibe buti yotsekeka payokha. Mpweya wa kumbuyo ndi womwe okwera akupuma, ndipo pamalo pamene mungaike batire ndi pomwe pamakhala matumba a chimanga, mabasiketi a ku Mpondabwino ndi makasu. Kuwotcherera thireyi yatsopano kutsogolo n'kotsika mtengo kuposa mamita 5 a kopa. Wina asakunamizeninso ndi Prius kapena Aqua, kuti taonani batire lili kumbuyo koma waya wake si wonenepa. Batire laling'ono la magalimoto amenewo silizunguza injini. Ntchito imeneyo imagwiridwa ndi batire lalikulu la hybrid. Magalimoto atsopanoko, makamaka ozimitsa injini okha akaima, amakhala ndi kachipangizo koyeza moto pamutu wa negative. Kameneko kasamuke limodzi ndi batire, mawaya ake atalikitsidwe, ndipo moto wonse wobwerera uzidutsa pa iko, apo ayi kompyuta izitchaja batire molakwika.

Ntchito ikatha, iyesedwe inu muli pomwepo, musanalipire. Chotsani fyuzi ya pampu ya mafuta kuti injini izingozungulira osalira. Ikani multimeter, chida choyezera magetsi, pa ma volts a DC. Nsonga imodzi igunde pamutu wa mtovu wa positive wa batire penipeni, osati pa chomangira, inayo italikitsidwe ndi kawaya kalikonse mpaka pa bauti yaikulu ya pa sitata. Mnzanu apotoze kiyi kwa masekondi atatu, inu muwerenge. Chimene chikuoneka ndi mphamvu yonse yotayika mu waya, fyuzi ndi mitu yake, ndipo isapitirire 0.5 V. Chitaninso chimodzimodzi kuchoka pamutu wa negative kufika pa chitsulo cha injini. Nambala ikakwera, sunthani nsonga muyese polumikizira pamodzipamodzi: mbali ziwiri za fyuzi, mutu wa waya ndi bauti yake, bauti ya earth ndi bodi. Polumikizira pabwino pamaonetsa zosakwana 0.1 V. Ngati ponseponse pali bwino koma chiwerengero chonse chikadali pamwamba, ndiye kuti waya ndi wowonda kapena ndi aluminiyamu. Simukuyenera kumutaya: kuyendetsa wina wofanana naye pambali pake, olumikizidwa pamodzi kumapeto konse kuseri kwa fyuzi imodzi, kumadula mphamvu yotayika ndi theka, bola fyuziyo ikhale ya saizi imene waya mmodzi angaipirire payekha.